Chitenje Chanu Pachilumba

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa? Ine ndimangoti poti kulibe mtondo, kulibe chitsime chakutali, mwina mwanenepako pang'ono. Ndine mwana wanu Esinati. Kuno ku Mitundu tilipo ndithu.

Ndiyambe ndi zabwino. Pakati pamene munandisiya napo paja ndinachira bwino, mwana wamkazi. Tinamutcha dzina lanu, Elesi. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akakwiya amayang'ana kumbali monga munkachitira inu. Chimanga chaka chino chadzadza nkhokwe ngakhale feteleza wakwera mtengo koopsa. Fodya yekha ndiye anatikhumudwitsa ku okushoni. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa awiri, ndipo sinasiye kuba masamba kudimba kwa a Nabanda.

Koma chiliza chanu sitinamangebe. Njerwa ndinaumba, ndinawotcha, zili kuseri kwa nyumba ndazifunditsa udzu. Chimene chinatitchinga mukuchidziwa, poti munali pomwepo ngakhale munali m'bokosi. Zipani zambirizi tinazivinira, koma kwathu kuno zinatilowera mpaka kuchipinda. Achimwene a Lameki, atafika kuchokera kuchikamwini kwawo ku Nathenje, anayala nsalu ya chipani chawo pabokosi panu, ati ulemu. Fanuel anaichotsa anthu akuona n'kuiponya pansi, ati amayi sanali a chipani chimenecho. Chichokereni tsiku limenelo ana anu aamuna awiriwa sanapatsanenso moni. Amalume ananeneratu kuti chiliza sichimangidwa ndi mwana mmodzi wina atafulatira, ayambe akhala pamphasa imodzi. Ndinapita ku Nathenje, ndinagwada, ndinalira. Ndinagwadiranso Fanuel, mwana amene ndinkamubereka kumsana ine. Aliyense ankati ayambe ndi mnzakeyo. Zinkandiwawa, amayi, kudutsa kumanda n'kuona mtumbira wanu ukuphwa ndi mvula pamene ya anzanu ili ndi mayina.

Tsono imvani za mpira. Ndikudziwa mwayamba kale kuseka, inu amene munkati, "Ndinabereka manja ndi miyendo, mutu ndinaiwala," poti a Lameki ndi goloboyi, Fanuel ndi womwetsa zigoli. Titatha kukolola, bambo wina wa sitolo amene akusuzumira uphungu anaika chikho cha matimu a m'midzi, kuyambira ku Malingunde mpaka ku Diamphwe. Mpikisano wake unali wachipulula: mukagonja kamodzi, basi, kapumeni kwanu. Poyamba ankasewera pabwalo la sukulu, koma anthu ankabwera atavala za zipani n'kumagendana. Ndiye akuluakulu anasamutsira masewero onse Pachilumba, pamtunda paja pakati pa dambo pamene mtsinje umagawikana pawiri, pomwe munkakonda kuthyola therere. Palibe mudzi ungati ndi pake. Polowera ndi pamodzi, paulalo wa mitengo, ndipo pamenepo pankaima amayi awiri a mpingo, ouma mtima kuposa apolisi. Wobwera ndi nsalu ya chipani ankamubweza kuti akasinthe.

Anyamata akwathu anayamba monyozeka, jezi zobwereka, ena osavala ndi nsapato zomwe. Anachotsa a ku Malingunde, Fanuel atamwetsa ndi mutu, womwe uja munkati munaiwala. Kenako anachotsa anyamata a ku esiteti ya fodya, amphamvu ngati ng'ombe za ngolo. Mudzi wonse unapenga. Ndi amuna anga omwe, amene sanamenyepo ngakhale mpira wachikulunga, anayamba kulangiza anthu kaseweredwe. Uko nako a ku Nathenje ankangopulula anzawo, mbiri n'kumamveka kuti pagolo pa mkamwini wawo sipadutsa ndi ntchentche yomwe. Ine mtima sunali m'malo, chifukwa ndinkaona kumene njira ziwirizi zikukakumana. Zinakumanadi, atatsala matimu anayi.

Tsikulo ndinabereka mwana kumsana, m'chiuno ndinamanga pamwamba chitenje chanu chobiriwira cha nsomba chija, chimene ndinalandira pogawa zovala zanu. Sindinadziwe woti ndimuchemerere, ndiye ndinangokakhala pakona. Matimu akupatsana manja, ana anu analumphana.

Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Atasinthana mbali, a Lameki anapezeka pagolo la kumunsi, ndipo kuseri kwa golo limenelo kunali kutakhala amayi a ku Nathenje, pakati pawo apongozi awo aakazi. Inu mukudziwa mmene achimwene amawapewera apongozi. Akawaona panjira amalowa patchire, ndipo sanadyepo pamaso pawo. Mayiwo anali asanaonerepo mpira, anangokokedwa ndi anzawo, ndiye sankadziwa kuti magoloboyi amasinthana malo. Atazindikira anafunda kumutu, koma pothawira panalibe, kutsogolo anthu, kumbuyo madzi.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, mnyamata wina wakwathu anamenya mpira wamphamvu. A Lameki anauluka n'kuukankha. Koma potera, kabudula anang'ambika, osati pang'ono ayi, kuyambira m'chiuno mpaka kumwendo. Anangokhala pansi pomwepo, manja kumbuyo, osatha kudzuka, chifukwa kudzuka kunali kuwaonetsa apongozi zosayenera kuona. Mpira uja unagubuduka n'kukaima pamapazi a Fanuel. Golo lili pululu! Ndi ine ndemwe ndikanagoletsa, mwana ali kumsana. Anthu akwathu anali ataimirira kale, amayi ena atayamba nthungululu.

Fanuel anayang'ana golo, anayang'ana mkulu wake. Kenako anaumenyera kumbali mpirawo, mpaka unakagwera m'madzi. Ndinangoona akuthamangira kwa ine, maso ali psuu.

"Achemwali, masulani chitenjecho, msanga!"

Ndinamasula. Anathamanga nacho, anakagwada, n'kuwamanga achimwene m'chiuno monga munkatimangira tikachoka kosamba. Amene anali pafupi akuti a Lameki anati, "Iwe, ukanagoletsatu." Fanuel anati, "Dzukani achimwene, apongozi akuona."

Amayi, ndinalira, ndipo sindinabise. Manja omwe aja anavula bokosi lanu nsalu ndinawaona akuveka mbale wake. Ndinalakalaka mukanakhala pambali panga kuti ndikutsineni.

Sindikunamizani kuti zonse zinakoma. Tinagonja pa mapenate, ndipo ya Fanuel a Lameki anaigwira bwinobwino, atavala kabudula wobwereka, ati mpira ndi mpira. Anyamata akwathu anamunyanyala Fanuel, ena mpaka lero akuti anagulitsa chikho. Amuna anga sanadye tsiku limenelo. A ku Nathenje nawo anakagonja kufainolo kwa a ku Diamphwe, ndiye chikhocho tonse tinangochiona chikuwoloka ulalo.

Loweruka lapitali ndikupeta pakhomo, ndinamva belu la njinga. Kucheuka, a Lameki. Pakaliyala anamangapo thumba la simenti, pamwamba pake chitenje chanu, chochapa ndiponso chosita. Akuti amene anachapa ndi apongozi awo, ndi manja awo, ndipo anatumizanso nkhuku, ati mukamupatse mnyamata uja, ameneyo analeredwa. Fanuel anali pakhonde akukhomera khasu. Palibe anapepesa mnzake, zimenezo musayembekeze kwa ana anu. A Lameki anatsamiritsa njinga n'kufunsa kuti, "Njerwa zija zili kuti?" Fanuel anati, "Kuseriku. Zina zasweka, koma zikwana." Anapita onse awiri kukafundukula udzu, ndipo posakhalitsa ndinawamva akukangana za penate ija. Ine ndinathamangira kwa amalume, patapata ndinaiwala.

Za zipani sanagwirizanebe, mwinanso sadzagwirizana. Koma amalume akambirana ndi amfumu, ndipo tsiku lapezeka mvula isanakhazikike. Tidzabwera tonse atatu, amayi: manja, miyendo, ndi ine amene munandisiyira ntchito ya mutu. Ndikulonjeza kuti mvula ya chaka chino idzapeza dzina lanu litalembedwa, ndipo Elesi ndidzamubereka pa chitenje chomwecho kuti mudzamuone.

Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu,
Esinati