Mafuta m'tochi ya apongozi

Lolemba, 6 Meyi

Tochi ija iwapha bambo a mwana, ndipo wowaphetsa ndine.

Ndi tochi yodulira zitsulo ndi moto wa gasi, ya malemu apongozi. Bambo a mwana anaitulutsa m'bokosi Loweruka kuti aikonze poti yawo inabedwa. Inali bii. Atachoka ndinati ndiwasangalatse. Ndinaikwecha ndi mchenga ndi phulusa ngati poto, mpaka waliwali. Manati ankalimba, ndiye ndinadonthezamo mafuta a makina anga osokera, ndi m'timabowo momwe. Kunja n'kupukuta bwinobwino.

Lero kunabwera amalume awo, owotcherera akale, kudzaona mtundu wake kuti akagule kamlomo koyenera kotulukira moto. Kutembenuza, kutembenuza. "Zilembo zinali apa zapita kuti?" Ine maso pa mwana, ndikuyamwitsa. Pochoka akuuza bambo a mwana kuti, "Iwe, manja a girisi usagwirire iyi. Mafuta akakumana ndi okosijeni ndi maliro."

Mkaka unachita ngati wauma.

Lachiwiri, 7 Meyi

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Bambo a mwana n'kuyamba kundiyamikira kwa aneba: "Mkazi wanga uyu, chitsulo cha bambo wachisandutsa galasi." Ndinangoti madzi osamba afunda.

Lachitatu, 8 Meyi

Amalume abweranso, azindikira mtundu wa tochi. Pansi pa chogwirira panatsala kanambala komwe mchenga wanga sunafike. Aseka: "Mpongozi, mukanakwechanso pang'ono tikanaiyesa supuni." Onse kuseka. Inenso kuseka, ngati chitsiru.

Atachoka ndaitsuka ndi sopo ndi madzi otentha. Ndalowetsa kansalu koyera m'kabowo. Katuluka ndi mafuta.

Lachinayi, 9 Meyi

Ndikaulula, adzati anakwatira mbuli ya sitandade faifi. Si bodza.

Lachisanu, 10 Meyi

Kamlomo kafika. Mabotolo a gasi awaimika pakhonde, pansi pa windo lomwe mwana amagona. Bambo a mwana akumanga mapaipi uku akuimba mluzu. Atawerama kuti atole sipanala ndailanda tochi, ndathamangira kuchipinda, ndakhoma.

Ndanena ndili kuseri kwa chitseko. Zonse, mchenga, mafuta, sopo. Iwo akuti: "Mayi a mwana, timafuta ta makina tomweto? Tipukuta. Mwini geti amene wandipatsa ntchito akudikira, tsegula."

Sinditsegula. Ndaimbira amalume, ndawauza mosabisa, manyazi ndawaika pambali. Sanaseke. Angoti, "Asayatse! Musampatse!" foni n'kuduka, mayunitsi atha.

Tochi ndaikhalira. Mwana wadzuka, akulira. Panja asiya kugogoda, ndikumva akufufuza m'bokosi la zida, ndipo chitseko chathu ndi cha mahinjesi akunja.

Amalume, mawu anga sakuwamva, amva anu. Bwerani msanga chonde, ayamba kumasula.