Abambo ndi Ndodo Yofiira

14 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Khalani pansi kaye musanawerenge, chifukwa nkhani imene ndili nayo ikundiyabwa pakamwa. Pafoni sindikanaimaliza, mukanandidula pakati monga mwa chizolowezi chanu. Ine ndili bwino, kaya inu, alamu ndi ana kumeneko?

Mawu anu aja ndinawamva, akuti mubwera mwezi wamawa kudzatenga abambo kuti azikakhala kwanu, poti kuno angodzitaya. Sindinakutsutseni chifukwa munkanena zoona. Chiwagwereni sitiroko ija akhala akungogona choyang'ana kukhoma, ukawalankhula yankho lake ndi "mm" basi. Dokotala ananena mosabisa kuti akapanda kuyenda ndi kugwiritsa ntchito dzanja lamanjalo, thupi liuma ndipo sadzadzukanso. Kampira kofinya kamene anawapatsa kuchipatala anakaponya kuseri kwa bedi. Ine mtima unkandiwawa, Achimwene, ndipo nzeru zinali zitandithera.

Tsono ine ndagula galimoto.

Musaseke! Ndinapita kukasiya madiresi kwa mayi wina amene mwamuna wake amagula zitsulo zakutha. Kuseri kwa nyumba yawo ndinaona chigalimoto cha asilikali chakalekale, zija zokwera mapiri, tayala la sipeya lili pa boneti. Achimwene, chimodzimodzi ija ili pachithunzi cha pabalaza, abambo ali mnyamata ku usilikali atatsamira chitseko, kapusi ili pambali. Mwiniwake anati mawa lake aidula n'kugulitsa zidutswa. Sindikudziwa chimene chinandilowa. Mtengo musafunse, sindinena.

Anaibweretsa chokoka ndi lole, anthu a mumsewu mwathu ali m'mipanda kuonerera. Munali dzimbiri, ndowe za mbuzi, ndi chisa cha nkhuku pampando wa dalaivala. Mayi oyandikana nafe nyumba aja anafunsa mokweza kuti, "Kodi atelala, mwayamba kusoka zitsulo?" Ndinangoseka nawo, koma mumtima ndinati walira mvula walira matope.

Ndinapeza makanika wina, anthu amangomuti a Sipanala, munthu wolankhula kuposa wailesi koma wa manja abwino. Iye anazolowera timagalimoto tamakonoti, yotereyi anali asanaigwirepo. Ine ndiye osanena, ndinkadziwa singano ndi ulusi basi. Tinkaphunzirira pomwepo. Ndikaweruka kushopu ndinkavala ovolosi yakale ya abambo, n'kuyamba kupala dzimbiri mpaka mapewa kuphwanya. Lero ndikutha kutsuka mapulagi ndekha, ndipo ndikudziwa kuti imeneyi imafuna mabatire awiri, osati imodzi. Titalumikiza awiriwo, mababu onse amene tinagula anaphulika, poti anali a galimoto za batire imodzi. Pepani, kuchipinda kwanu kuja tsopano kumagona matayala ndi zitseko.

Pamene panali ntchito yanga yeniyeni ndinadzionetsa. Ndinasoka lona yatsopano ya padenga, ndinakuta mipando, ndipo poti nsalu inatsalako, ndinasokera timatumba tokongola ndodo zonse za pansi pafupi ndi giya. Pali ina yamutu wofiira imene sindinkadziwa ntchito yake. Ndinaganiza kuti chofiira ndi changozi, sachigwira, ndiye ndinaiveka kathumba n'kumanga ndi chingwe bwinobwino. A Sipanala nawo sanaivule.

Masiku onsewa abambo anali chete. Ndinawauza kuti, "Ababa, panja pali mlendo wanu," iwo "mm". Koma ndinayamba kupeza katani ya pawindo lawo itapatuka pang'ono. Ndinkaitseka, mawa n'kuipeza itapatukanso. Sindinanene kanthu, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sabata yatha injini inalira. Mayo ine, phokoso lake! Utsi unadzaza bwalo lonse, agalu anathawa, ine ndikuvina ndi sipanala m'manja ngati mwana. Koma chimwemwecho sichinakhalitse. Ndimati ndikaponda kilatchi, kulowetsa giya, kusiya kilatchi, galimoto ili phee pamalo pomwepo. Giya iliyonse chimodzimodzi. A Sipanala anakanda mutu n'kunena kuti, "Achemwali, giyabokosi yafa iyi. Tiitsitse, kaya ina tikaipeza kuti."

Loweruka m'mawa tinati tiyese komaliza tisanamasule. Ndinaponda moto, injini n'kumakuwa, galimoto osasuntha. Kenaka ndinamva mawu kuchokera pawindo:

"Iwe! Ukuipha galimotoyo!"

Ndinazimitsa injini. Ndinkayesa makutu akundinamiza. Patapita kanthawi tinamva go, go, go, mukhonde. Abambo, Achimwene! Atagwira ndodo yawo ya miyendo inayi ija imene inkangokhala pakona, jekete atavala mbali imodzi. Ndinathamanga kuti ndiwagwire, iwo anati, "Ndisiye." Kuchokera pakhonde kukafika pagalimoto anatenga nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu, ine ndikuyenda pambuyo pawo.

"Munabwera nayo bwanji?" anafunsa. Mawu amatuluka molemera, koma amamveka.

"Chokoka, Ababa."

"Nanga ndodo yofiira ili pati?"

A Sipanala anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Abambo anasuzumira mkati, n'kuona timatumba tanga tija.

"Wayiveka chipewa? Ikumva kuzizira?"

Anatiuza kuti poikoka galimoto yotere, ndodo imeneyo amaiika pakati, ndipo ikakhala pakati injini imangolira yokha, matayala samva kanthu. A lole aja anaisiya choncho, ine n'kudzaimangirira. A Sipanala anagwira pakamwa, amvekere, "Madala, mwatipulumutsa, tikanang'amba chinthu chamoyo!"

Tinawakweza pampando wa pambali pa dalaivala. Tsono ganizani, munthu akakhala pamenepo ndodoyo imakhala kudzanja lake lamanja, lodwala lija. A Sipanala anatambasula mkono kuti akoke okha, abambo anati, "Chotsa dzanja." Anaika zala zawo pamutu wofiirawo, zinaterereka. Anazibwezerapo ndi dzanja linalo, n'kuzipinda chimodzichimodzi. Ndinkaona mitsempha ikunjenjemera, ndipo ndinaluma mlomo kuti ndisalire. Anakoka, anakokanso, mpaka tinamva kuti gudu!

"Liza," anandiuza abambo. "Kilatchi usiye pang'onopang'ono."

Ine ndi chimwemwe pang'onopang'onoyo ndinamuiwala. Galimoto inadumpha, n'kuyamba kuyenda! Ndinakuwa, a Sipanala akuthamanga pambali akuwomba m'manja. Ndipamene ndinakumbukira kuti mabuleki tinali tisanawakonze. Ndinaponda, phazi linangofika pansi. Tinadula chingwe choyanikira zovala, tinagwetsa mgolo wa madzi, n'kukaima titagunda mpanda wa mayi a pafupi aja. Mwayi wake inkayenda ngati kamba, palibe anavulala.

Ndinatembenuka ndi mantha kuti ndione abambo. Achimwene, ankaseka! Kuseka kwenikweni, kukamwa kutapendekeka, misozi ikutsika, sheti yanga ya pachingwe ili pagalasi. Mayi aja anatuluka mokalipa, koma atawaona anangoima n'kunena kuti, "Gwetsaninso mbali inayi, bambo, bola tikuoneni panja."

Sindikunamizani kuti achira. Tsiku limenelo anatopa kwambiri, anagona mpaka madzulo, ndipo mwendo ukukokabe. Koma atadzuka anapempha okha chakudya. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse amatuluka, amakhala pampando pafupi ndi galimoto n'kumatilamula ngati tili pa perete. Dzulo anatsuka okha mabawuti m'beseni la petulo ndi manja onse awiri, akundinena kuti ndimamanga nati ngati ndikusoka batani.

Ndinawauza za ulendo wanu. Iwo anati, "Umuuze asavutike. Ndingasiye bwanji galimoto yopanda mabuleki m'manja mwa telala?"

Ndiye pempho langa ndi ili, Achimwene: bwerani ndithu mwezi wamawa, koma musabwere ndi chikwama chodzatengera zovala zawo. Ndikudziwa kuti munaganiza zimenezo chifukwa chowakonda, ndipo ine sindinakwiye. Ingobwerani ndi zovala zoti zikhoza kuda. Akuti tikamaliza kukonza mabuleki adzatitengera tonse kuphiri, ine ndikuyendetsa, inu kumbuyo pamodzi ndi ana.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti diresi lawo lichedwa pang'ono, zala zanga zili bii ndi girisi. Ana muwapsompsone.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Telala amene tsopano ndi makanika

Chidindo chakuda chili m'munsimu musachifufute, si uve wanga. Ndinawafunsa abambo ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anati cholembera sanayambe kuchigwira bwino, ndiye anapukuta chala pa injini n'kudinda okha. Ndi chala cha kudzanja lamanja.