Bwerani Tidzasoke Zovala za Chioda

Lichinga, Lachiwiri

Okondedwa achemwali anga a Luisa,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji ku Insaca kumeneko? Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chalowa m'mafupa, moti ndimasoka nditafunda zitenje ziwiri, makapulana athu aja.

Ndili ndi nkhani yoti mukanakhala pafupi tikanagwirana manja n'kuvina. Gulu la amayi ovina gule wa chioda, limene limayeserera kunyumba ya zachikhalidwe pafupi ndi khonde limene ndimasokera, lasankhidwa kukaimira Niassa ku festivale, chikondwerero cha magule cha dziko lonse. Boma latulutsa ndalama za ulendo, chakudya ndi zovala. Ndipo zovalazo, achemwali, ndisoka ndine! Amayi makumi atatu, aliyense bulauzi, kapulana ndi duku, kuwonjezera malaya a oimba ng'oma anayi. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikupinda mathalauza a anthu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sizinabwere zokha ayi. Poyamba akuluakulu ena ankafuna kukagula zosokeratu ku Nampula, ati n'zotsika mtengo ndiponso zachangu. Mtsogoleri wa gululo, mayi Débora, anaimirira pamsonkhano n'kuwafunsa chifukwa chimene ndalama ya gule wa kuno ikagonere ku Nampula, atelala tili pakhomo pomwepa. Anawauza kuti ikatsala kuno adyapo wogulitsa nsalu, adyapo wosema ng'oma, adyapo ndi mayi wophikira ovina, chifukwa ndalama ya gule sipindulira miyendo yokha. Akuti mkulu wa ofesi ya zachikhalidwe anaseka, n'kunena kuti telalayo abwere amuone.

Ndinapita ndi bulauzi imodzi. Mkuluyo anaitembenuza, n'kuyang'ana msoko wam'kati nthawi yaitali. Kenaka anafunsa amene anandiphunzitsa. Ndinamuyankha kuti ndi achemwali anga, amene anaphunzira kusoka tili othawa nkhondo ku Malawi, ndipo ankandisomoletsa msoko katatu ukakhota. Anasaina pomwepo. Panjira ndinkaseka ndekha ngati wamisala.

Koma pali kavuto. Mapepala anachedwa m'maofesi, moti ndalama yafika patatsala masabata atatu okha. Nsalu ndagula kale kwa a Haji, bambo wa sitolo yoyandikana nane, nsalu yobiriwira yamaluwa oyera, yokongola zedi. Koma makina angawa ndi a magetsi, ndipo magetsi akuthimathima. Dzulo ndinakhala masana onse ndikungoisisita nsaluyo. Ndikalephera, mayi Débora achita manyazi pamaso pa anthu amene anakangana nawo, ndipo chaka chamawa ntchito ngati iyi sidzapatsidwanso kwa telala wa kuno.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani, mutenge makina anu opalasa ndi mwendo aja. Mumasule mutu wokha, miyendo yake a Haji ali nayo ndipo avomera kutibwereka. Ndikudziwa kuti nandolo wayandikira kukolola, ndipo alamu a Osvaldo angadandaule. Muwauze kuti malipiro tigawana pakatikati. Ndalama ya shapa, minibasi ija, mpaka ku Cuamba ndi ya sitima ya komboyo ndatumiza pa foni yawo. Musaiwale juzi.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti chidutswa cha nsaluyi ndawasungira cha duku. Moni kwa alamu, kwa atsibweni a ku Chiuta, ndi kwa ana anu onse.

Ichi ndasungira dala kumapeto. M'basi ya ovina muli mpando umodzi wa telala, woti azikasoka zong'ambika. Festivaleyo ikachitikira kugombe la nyanja ya mchere, imene ine ndinaiona kale koma inu simunaionepo. Dzina limene ndalembetsa pampandopo ndi lanu.

Tsalani bwino,
Ndine mng'ono wanu,
Rabeca