Moto wa Pansi pa Munda wa Alamu

Zafferana, 14 Okutobala

Okondedwa achimwene Alfio,

Ndikhulupirira muli bwino ku Jeremaniko. Ine kuno ndikuchita kuvina ndekha m'khitchini. Ukwati wa Nerina, mwana wa mng'ono wanu ndi alamu athu a Venera, watha usanachitike!

Mukukumbuka mmene a Venera anandinenera pa maliro a amayi, kuti ine ndidzafa nsalu zanga zaukwati zili m'bokosi. Mwezi watha anayala nsalu za Nerina pabedi kuti mudzi wonse udzaone, n'kumaloza nyumba yomwe amangira anawo m'munda wa mphesa wa kumtunda uja.

Ndiye mwana wanu Tindara ndi amene wandipukuta misozi. Ntchito yake mukuidziwa, amakwirira timakina m'minda tomvera kunjenjemera kwa phiri lathu lamoto la Etna, kenako kompyuta yophunzira yokha ngati mwana imajambula za m'mimba mwa phirimo. Tsiku lina nditamupititsira chakudya ndinaona chithunzi pakompyutapo, chigamba chofiira psuu chakumunsi, mbali ya kwathu kuno. Ndinachijambula ndi foni iye akusamba m'manja.

M'mawa mwake pogula buledi ndinawaonetsa amayi ake a Cirino, mkwatiyo. Ndinangoti, "Amayi, onani moto uli pansi pa bedi la mwana wanu. Si ine ndanena, ndi makina." Anachita chizindikiro cha mtanda, buledi n'kumuiwala pomwepo. Pofika Lachisanu anali atabweza mawu.

Tindara anabwera maso ali gwa. Akuti, "Azakhali, mwatani? Lija si phiri lathu. Timapanga mapiri ongopeka ambirimbiri kuti kompyuta iphunzirepo, isanayambe kuona lenileni. Pansi pa munda wa a Venera sitinapezepo kanthu." Ine ndinati, "Mwanawe, phiri ndi phiri. Lero mulibe, za mawa akudziwa ndani? Idya, wawonda." Sanadye, anangokhala n'kumalira. Ana ophunzirawa mitima yawo ndi yofewa.

A Venera anandipeza pakhomo pa tchalitchi n'kunditchula njoka. Ndinawayankha kuti, "Alamu, nsaluzo muziikamo mankhwala a njenjete, ine ndikudziwa malo ogula otchipa."

Tsono pempho langa ndi ili. Tindara akufuna kupita kwawo kwa Cirino Loweruka kukawauza zoona. Muimbireni, inu amakumverani. Mumuuze kuti akatero adzadziwika kuti amasiya zinthu za kuntchito poyera, angamuchotse. Angodikira pang'ono, chifukwa Lamlungu lino Cirino akukadya kwa mwana wamkazi wa wogulitsa uchi uja, ndakonza ndine.

Mupereke moni kwa alamu akazi anu ndi ana. Ndakutumizirani uchi ndi tchizi. Nerina akanakupatsaninso moni bambo ake aakulu, koma sakutuluka m'chipinda, ndipo akuti tsitsi lake wadula lonse.

Ndine mlongo wanu wokondwa,
Nunzia