Duwa la Eni Nyumba Lalowa Mumphika Watsopano

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi mwendo uja ukutupabe? Musamaimirire nthawi yaitali, oti muziwatuma alipo. Ine kuno ndili bwino, chimfine chokha ndicho chinandigwira mwezi watha. Kubekale komwe timaphika buledi ntchito ikuyenda, ngakhale uvuni umodzi wafa, ndiye tonse tikupanikizana pa wotsalawo.

Nkhani yaikulu ndi ya mayi achikulire amene ndimachita lendi m'nyumba mwawo. Pawindo la pabalaza ali ndi duwa lotchedwa okidi, limene anawasiyira malemu amuna awo. Linakula mpaka kung'amba mphika, mizu n'kumalendewera kunja ngati nyongolotsi. Iwo chidwalireni sitiroko manja amanjenjemera, choncho Loweruka lina anandipempha kuti ndilisamutsire mumphika wina. Ndinayesa kukana. Ndinawauza kuti manja angawa anazolowera ufa, ndipo duwalo likafa ndidzasowa poyang'ana. Anandiyankha kuti likatsala momwemo lifabe, bola life wina atayesako.

Anakhala pampando n'kumandiuza zochita. Ndinaliviika m'madzi, kenako ndinaswa mphikawo ndi hamala. Duwali silifuna dothi, limamera pa tizidutswa ta makungwa, ndipo akalewo anali ataola mpaka kununkha. Mizu yakufa, youma ndi yopanda kanthu m'kati, ndinkaidula ndi sizasi yowiritsa. Itachuluka pansi ndinaima ndi mantha, koma iwo anati ndipitirize, amuna awonso ankatuluka thukuta chomwechi. Atatero ine ndinapitiriza kudula osawayang'ana. Pomaliza tinaligawa pawiri, n'kubzala m'miphika iwiri yazibowo.

Sabata yotsatira masamba ena anachita chikasu n'kugwa. Mwana wawo wamkazi atabwera anakalipa kwambiri, amvekere munthu walendi alibe mbali pa zinthu za bambo ake. Ine ndinayamba kufunsa anzanga kuntchito ngati akudziwa chipinda china. Mayiwo okha ndiwo sanatekeseke, ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzana anandiitana ndisanavule n'komwe nsapato, n'kundionetsa timizu tatsopano ta nsonga zobiriwira m'miphika yonse iwiri. Mphika umodzi andipatsa ine. Mwana wawo uja anaimba foni kupepesa, ngakhale kupepesa kwake kunali kwachidule.

Sizinathere pomwepo. Mayiwo anati chipinda chachikulu chakumbuyo, chimene amasungiramo katundu wa malemu, ndichikonze kuti mpongozi wanu ndi mwana wathu abwere tizikhala limodzi. Akuti nyumbayo yawakulira, ndipo makutu awo akulakalaka phokoso la mwana. Ndinangowagwira dzanja lonjenjemeralo. Zaka zonsezi sindinaganizepo kuti kuchilendo kuno ndingapeze munthu wotere.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi: muwalole abwere. Ndikudziwa kuti mpongozi wanuyo ndiye amakusamalirani, ndiponso kuti mdzukulu wanu sagona musanamufunditse ndinu. Ndalankhula ndi achemwali, avomera kusamukira kwanuko kuti musakhale nokha. Komabe tsache sindiligwira m'chipindamo ndisanamve mawu anu.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali, achemwali ndi alamu anga. Mpongozi wanu ndamulembera payekha. Mwanayo musamuuze kaye, angayambe kulongedza lero lomwe.

Tsalani ndi mtendere.

Ndine mzime wanu.