Zimene Bambo Ananena pa Kamera

Lachiwiri, 9 Seputembala

Okondedwa Achemwali,

Mtendere ukhale nanu. Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndipo msana uja wasiya kukuvutitsani. Kuno tilipo. Ana akukula ngati tikuwathira feteleza, ndipo alamu anu akadali ndi chikhulupiriro chawo chija chakuti mbale zimadzitsuka zokha. Ndikanatha kukutumizirani mawu pa foni monga mwa masiku onse, koma nkhani ya lero yandikanika pakamwa, ine amene munkanditcha Kamlomo. Ndasankha pepala poti silindiyang'ana m'maso.

Mumve kwa ine musanaone kwina. Kukutuluka filimu yonena za Bambo, ndipo ine ndanamamo.

Anabwera mtsikana wina wophunzira zojambula mafilimu, kamera ili paphewa, nati akufuna kujambula moyo wa Shehe, Bambo athuwa, iwo akadali moyo. Nkhani itangomveka, anthu anagawikana. Achimwene ndi anzawo a ku mzikiti akufuna muoneke sukulu imene Bambo anamanga, ana amasiye amene anawalera, ndi mabanja amene anawayanjanitsa. Ena, amene amangomva dzina la Bambo n'kukwinya nkhope, akufuna muoneke zigamulo zokhazokha: chija choletsa zoimba paukwati, makamaka chija chakuti mkazi wachisilamu asagwire ntchito ya unamwino m'chipinda cha odwala aamuna. Inu simufunika kukumbutsidwa. Anachinena pa chimkuzamawu Lachisanu, yunifolomu yanu yatsopano ili m'chikwama, ndipo chaka sichinathe inu mukadali pakhomo pano.

Mukudziwa kuti chidwalireni matenda ofa ziwalo aja lilime lawo linalemera. Amene amamva zonena zawo ndine ndekha, poti ndine ndimawadyetsa ndi kuwapukuta kukamwa. Achimwene samvapo kanthu, koma amagwedeza mutu ndi ulemu wonse. Tsiku lina Bambo ankapempha kuti awakande pamsana, iwo n'kuyankha kuti, "Zoonadi, Shehe, dziko laipa."

Chimene sindinakuuzeni n'chakuti pantchafu patuluka bala chifukwa chogona mbali imodzi. Tinafunafuna namwino wamwamuna woti azibwera pakhomo, sitinamupeze. Amene amabwera m'mawa uliwonse ndi mayi wina wamfupi, wa mpango wake kumutu, Msilamu mnzathu. Amawatembenuza, kuwatsuka, n'kumanga balalo. Bambo amatsinzina n'kumapemphera chamumtima mpaka iye atamaliza.

Tsiku lojambula mkangano unayambira pabalaza. Wojambula uja anaona chikwama cha namwino pampando, nafunsa ngati angamujambulenso.

"Ameneyo ayi," anatero Achimwene. "Mukufuna adani a Shehe apeze poseketsa anzawo?"

"Bambo, ine sindinabwere kudzatamanda, sindinabwerenso kudzanyoza," mtsikanayo anawayankha Achimwenewo. "Ndikufuna munthuyo aoneke yense."

"Yense wake uti? Munthu waphunzitsa moyo wake wonse, inu mukaonetse bandeji?"

"Ndikabisa namwino, aja akudana nawo adzati mwandigula. Ndikaonetsa namwino yekha, inu mudzati andituma. Ndiye ndingoonetsa zimene zilipo."

Onse anatembenukira kwa ine. Achemwali, ndinaima mbali ya Achimwene. Palibe anandikakamiza. Ndinamuuza namwino kuti adikire kuseri kwa nyumba. Beseni, thonje ndi mabandeji ndinazikankhira pansi pa bedi ndi phazi. Ndinawaveka Bambo mkanjo woyera, n'kuwadzoza mafuta onunkhira kuti fungo la mankhwala lichoke, ngati kuti kamera ili ndi mphuno. Kenako ndinakhala pambali pawo kuti ndizibwereza mawu awo momveka.

Poyamba zinayenda bwino. Anafotokoza za aphunzitsi awo ndi za sukulu ija, ine n'kumabwereza mokhulupirika. Ndiye wojambulayo anafunsa mwaulemu kuti, "Shehe, anthu amati munaletsa akazi kukhala anamwino a odwala aamuna. Kodi n'zoona?"

Bambo anayankhula nthawi yaitali, malovu akutsika, ine ndikupukuta. Mawu awo anali awa: "Ndinatero, ndipo ndinali ndi zifukwa zanga. Mwana wanga wamkazi woyamba anachoka pakhomo chifukwa cha mawu amenewo, mpaka lero sanabwerere. Amene amanditsuka bala ndi namwino wamkazi, amubisa kuseriko. Zonsezi zilowe mufilimuyo."

Ine ndinamwetulira kamera, n'kunena kuti, "Akuti anthu sanawamvetse bwino. Iwo amalemekeza anamwino onse, moti mwana wawo weniweni ndi namwino kunja, ndipo amamunyadira kwambiri."

Bambo anamenya chitsulo cha bedi ndi dzanja lawo lamoyo lija. Anamenyanso. Achimwene anauza wojambula kuti, "Mwaona? Akutsindika."

Alendo atapita ndinamuitana namwino. Zenera linali lotsegula nthawi yonseyo, ndipo munthu amene amawatembenuza tsiku ndi tsiku sangalephere kutolako mawu awo. Anangofunsa kuti, "Mayi, beseni lija mwaika kuti?" Ndinagwada n'kulitulutsa pansi pa bedi iye akuyang'ana. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

Madzulo ake ndikuwadyetsa, Bambo anakana supuni. Anati, "Iwe, amene amanditukwana amanditukwana ndi mawu anga enieni. Iwe wandichotsa mawu anga n'kundiika ako. Umachita nane manyazi."

Ndinati, "Bambo, ndimafuna kukutetezani."

Iwo anati, "Kwa ndani? Mulungu anamva kale."

Kuchokera tsiku limenelo amadya, amamwa mankhwala, koma kwa ine kukamwa anatseka. Ndipo sananame. Ndinkadziuza kuti ndikuwaveka ulemu, koma zoona zake n'zakuti ndinkafuna bambo ena, ofatsa, oti ndikamadutsa pamsika anthu asamanong'onezane kuti mwana wa Shehe uja ndi ameneyu. Musamve ngati ndikunena kuti asintha maganizo. Sananene kuti analakwa, ndipo sindiyambanso kuwanenera. Ine ndimaona kuti anakulakwirani, ndipo ndimawakondabe. Ziwirizi zimandilemera ndikazinyamula pamodzi, ndiye tsiku lija ndinangotaya chimodzi.

Koma amene ndinamulakwira kwambiri ndinu. Munachoka usiku wa mvula ndi kachikwama kamodzi. Pamaliro a Mayi munangomva pa foni. Zaka zonsezi mwatsuka mabala a abambo a eni, anu akukukanani. Ine ndinatenga zonsezo n'kuzisandutsa mawu amodzi okoma, akuti amakunyadirani. Ndikuganiza inu mutakhala ndi anzanu a kuntchito, mukuonera mng'ono wanu akumwetulira n'kumanena zimenezo, ndipo ndimafuna nthaka itang'ambika ndilowe.

Wojambula uja si wogona. Anabweranso ndi kompyuta yake kudzandionetsa zimene walumikiza. Ataimika chithunzi pamene Bambo akumenya bedi, anati, "Mayi, munthu wonyadira mwana wake sakhala ndi maso amenewa. Ngati pali china, khomo langa n'lotsegula mpaka kumapeto kwa mwezi." Ndinangomuthira tiyi wina.

Tsopano pempho langa ndi ili. Ndikufuna ndipite ndikakhale patsogolo pa kamera yake, ndikanene mawu a Bambo monga anawanenera, ndikanenenso kuti ndinanama. Achimwene ndawauza. Akuti ndikatero ndisadzapondenso pakhomo pawo, ndipo ana anga asadzawatchulenso amalume. Zimenezo ndipirira. Namwino ndamufunsa, akuti iye alibe chobisa, bola amujambule mbali imene ili ndi mano, poti mbali inayo anaguluka. Koma m'mawu a Bambowo muli inu, ndipo bala limenelo ndi lanu, si langa. Mukati ayi, ndikangopempha kuti adule mbali yonseyo, ndipo sindidzakudandaulani. Mukati inde, anthu adzadziwa chimene chinakuchotsani kwanu, ndipo ena adzakunenani mwatsopano. Ndayankhulira anthu mokwanira, ndiye apa ndidikira pakamwa panu.

Alamu anu akupereka moni. Ana akupereka moni, ndipo wamng'ono uja akuti nsapato munamutumizira zija zayamba kumuluma. Namwino nayenso akuti ndikupatseni moni wa mnzanu wa ntchito.

Pamzere uno ndinazolowera kulemba kuti Bambo akupereka moni. Lero sindilemba, chifukwa sanapereke. Ndinawauza m'mawa uno kuti ndikulembera inu, ndipo ndikukuuzani zonse. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali, moti ndinatola mbale kuti ndizituluka. Ndili pakhomo ndinamva akukankha lilime lija, koyamba chichokereni tsiku la kamera. Anati, "Umufunse. Bala likamakana kupola chonchi, kumeneko amatani?"

Ndalemba monga ananenera, sindinawonjezepo, sindinachotsepo. Yankho mukhoza kutumiza kwa ine. Koma mudziwe kuti makutu awo akumva bwinobwino, ndipo foni ndimatha kuwagwirira.

Ndine mng'ono wanu,
Kamlomo