Nyumba zotseka za ku Falansa

Loweruka, Januwale. Namiwawa.

Thupi latopa koma mtima uli m'malo. Tabwerako dzulo ku Falansa, kumene adona ananditenga kuti ndikawalerere mwana. Lero ndachapa majuzi onse amene anandibwereka. Ine wa ku Nsanje, kuzizira kuja ndinkangoti ndifera komweko.

Mudzi wawo ndi wa nyumba zamiyala pakati pa minda ya mphesa, mitengo yonse yopanda tsamba. Nyumba zambiri zinali zotseka, mawindo otchinga ndi matabwa, utsi osaoneka, ngakhale galu. Ndinkadutsa maso ali pansi. Kuno kwathu nyumba ikatsekedwa choncho umadziwa kuti kunabwera galimoto ya boma kudzatenga anthu, ndipo sufunsa.

Tsiku lina zinandikanika. Ndinawanong'oneza adona kukhitchini: "Anthu onsewa analakwanji?"

Anayamba kuseka, koma atandiona nkhope anasiya. Anati, "Palibe amene anatengedwa, Esinati. Eni ake amakhala m'tauni. Kukatentha amabwera kudzapuma."

M'mawa mwake anapita nane kwa mayi wina wokalamba amene amasunga makiyi a anzake. Mayiyo anatsegula nyumba imodzi kuti mulowe mphepo. Mabedi anali oyala, nsapato za ana zili pakhomo kudikira eni ake. Misozi inangotsika. Mayiyo anayesa ndi chisanu, nandikulunga mpango wake m'khosi.

Ndikuthokoza Mulungu kuti ndinaona zimenezi ndi maso anga. Kiyi wa nyumba ya achimwene ku Ndirande wakhala pansi pa sutikesi kuyambira tsiku limene anawatenga. Mawa ndikaweruka kutchalitchi ndikatsegula mawindo ndi kusesa. Oona aone. Nsapato zawo ndikaziika pakhomo, kuti akadzabwera...